Mpeni wa Dzanja Lamanzere

6 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndipo maondo aja akukulolani kufika kuseri kwa nyumba. Ine ndili bwino, kungoti msana wayamba kukalamba mwini wake asanakwatiwe. Ndowa zothirira za kunazale kuno sizidziwa kuti munthu anapitako kusekondale.

Ndili ndi nkhani, ndipo muiwerenge mutakhala pansi, osati mukutakasa mphika. Mmodzi mwa anthu omezanitsa mitengo wasiya ntchito. Akapitawo anena kuti kumapeto kwa Ogasiti atiyesa ife othirira. Aliyense apatsidwa mzere wake wa mbande za malalanje kuti amezanitse, ndipo amene zake zidzagwire bwino ndiye adzalowe m'malomo. Womezanitsa amakhala pa benchi, pamthunzi, ndipo ntchito yake ndi yokhazikika. Wothirira amachotsedwa mvula ikangoyamba. Mwakumva kusiyana kwake.

Ntchitoyi ndimaidziwa. Ndinakulira pamapazi pa Bambo ndikuwagwirira timapulasitiki tomangira. Vuto ndi mpeni. Kuno womezanitsa aliyense amayenda ndi mpeni wake m'thumba tsiku lililonse, sabwereketsa ngakhale kwa mkazi wake. Ndipo mipeni yonse imene ndaiona ndi ya anthu a dzanja lamanja. Paja mpeni womezanitsira umanoledwa mbali imodzi yokha, mbali inayo imakhala yosalala ngati galasi, kuti podulapo pakhale see, kanthambi ndi tsinde zikumane popanda mpata. Ine wamanzere ndikagwira wa anzanga, mbali yosalalayo imayang'ana kolakwika, mpeni umakumba m'malo modula.

Choncho ndikupempha mpeni wa Bambo, wopinda uja wa chogwirira chakuda. M'nyumba mwanumo amanzere tinalipo awiri, mmodzi munamuika m'manda. Pa maliro Achimwene anautenga pamodzi ndi jekete ndi wailesi, amvekere mwana wamkazi mpeni ngwachiyani. Ndinakhala chete chifukwa cha anthu. Lero ndikuyankha: ngwantchito.

Muupereke kwa dalaivala wa basi amene amatinyamulira makalatayu. Muukulunge m'nsalu. Wina asaunole, asaupukute, asauyese pa chala.

Ndine mwana wanu,
Kamanzere


15 Julayi

Mwana wanga Kamanzere,

Landira moni wochuluka. Kuno tili bwino, maondo okha ndiwo akundilamulira. Kamwana ka achimwene ako kamera mano awiri, kakuluma aliyense ngati azakhali ake.

Kalata yako ndinaiwerenga, kenaka ndinapita nayo kwa akazi a telala, amene mwana wawo anakhalako m'tauni. Iwo akuti mtsikana akayamba kuyenda ndi mpeni m'thumba tsiku lililonse ndiye kuti pali mwamuna amene akumuvutitsa panjira, apo ayi pali mkazi mnzake amene akulimbirana naye. Za malalanjezo akuti n'zophimbira. Chimvereni zimenezi mtima wanga suli m'malo.

Ndiuze zoona, mwana wanga. Ndani? Ndi akapitawo akowo? Ine mtima wako ndimaudziwa. Uli kupulayimale unamuboola mnzako pamkono ndi pensulo chifukwa chokuseka kuti ukulemba ndi dzanja lolakwika. Imeneyo inali pensulo. Ndiye lero ndikupatse mpeni wa bambo ako, umene unkameta ubweya wa pamkono?

Ngati ndi ntchito yeniyeni, bwanji eni ntchitowo osagula zida zawo? Kodi mlonda akalembedwa ntchito amabwera ndi geti yake?

Mpeni uli pabwino, usade nkhawa, achimwene ako akusunga. Nkhani ya pa maliro ija isiye, madzi akatayika saoleka. Ukapeza mpata unditumizireko mafuta opaka m'maondo, a m'kabotolo kobiriwira aja. Uzipemphera, ndipo uziweruka kukadawala.

Amayi ako


21 Julayi

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndinaleredwa. Alamu ndi mwana muwapatse moni weniweni.

Ndinalemba kwa Amayi kupempha mpeni wa Bambo, ndipo yankho lake n'lakuti ndine chigawenga. Pano nyumba zonse, kuyambira kwa telala mpaka pa mpope, zikudziwa kuti ndikulimbirana mwamuna. Mwamuna wake uti? Amuna amene ndimaonana nawo kuno ndi akapitawo, amene ndi aakulu kuposa Bambo, ndi achule a m'thanki.

Inu mukudziwa kuti sindikunama. Munalipo Bambo akutiphunzitsa pansi pa mtengo wa malalanje wakuseri. Inu munatopa tsiku loyamba n'kuthawira ku njinga zanu, ine ndinatsala. Mtengo umene mukudya zipatso zakewo, nthambi yoyang'ana kumpanda ndinamezanitsa ndine, ndili m'chaka choyamba cha sekondale.

Ndiye ndikufunseni mosapita m'mbali. Mpeni ulipo kapena palibe? Ngati munagulitsa, nenani. Ngati munataya, nenani. Kukalipa ndikalipa, koma ndidziwa chochita. Nditha kugula wotchipa pamsika n'kuunola ndekha pa mwala mpaka usanduke wamanzere. Koma imeneyo ndi ntchito ya masabata, madzulo aliwonse ndikaweruka, chifukwa chitsulo sichimva changu cha munthu. Ndikayamba mochedwa, tsiku loyesedwa lidzandipeza ndili ndi mpeni wosatha kukonza.

Sindikufuna nkhani yaitali, ndiponso simuitha. Mawu amodzi okha: ulipo, kapena palibe.

Mlongo wanu,
Kamanzere


29 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Kalata yako inafika ikutentha, dalaivala akuti inkamuwotcha m'thumba njira yonse.

Mpeni ulipo. Ndanena mawu ako amodziwo, ulipo. Kungoti m'shedi muno zinthu zachuluka, ndiyenera kusuntha mafelemu ndi matayala kuti ndifike pamene ndinauika. Komanso Amayi sanamasuke, ndipo ukudziwa kuti sindingatumize chinthu iwo akukana. Ndipatse kanthawi ndiwanyengerere. Usagule wina, ungangowononga ndalama. Ubwera.

Koma nanenso ndikuuzeko monga munthu wa zitsulo. Mpeni ndi mpeni. Zoti uwu ngwamanzere uwu ngwamanja zinali nkhani za Bambo pofuna kuti tisamawagwirire zinthu zawo. Sipanala ili ndi dzanja? Tsiku lina ukadzafuna wakowako, usadzatengeke ndi wonyezimira. Udzautsegule n'kuugwedeza, ukagwedera popinda usiye. Udzaone kuti ukukwana m'thumba osaboola. Zina zonsezo ndi zokometsera za ogulitsa.

Za pa maliro, iwe umaiwala kuti amene anathamanga ndi zonse ndine, bokosi, galimoto, anthu odya. Jekete ija sinandikwane n'komwe, ili pa msomali. Koma iwe ukasunga chinthu mumtima umachithirira m'mawa ndi madzulo ngati mbande zakozo.

Uko pafupi ndi siteshoni ya basi kuli sitolo ya zida za njinga. Ukamadutsa undifunsireko ngati ali ndi mabuleki a mtundu watsopanowu, kuno akusowa ndipo makasitomala akundithawa.

Ndine,
Achimwene ako


12 Ogasiti

Amayi,

Moni. Mafuta a maondo ndinatumiza sabata yatha, ndikhulupirira anafika, popeza zochoka kuno kupita uko sizisochera. Zochoka uko kubwera kuno ndi zimene zikudwala maondo.

M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimadzera pa siteshoni. Dalaivala wafika pongondipukusira mutu ndikadali patali, ndipo anzake ayamba kunena kuti ndikumufuna. Mukawauze akazi a telala kuti mwamuna uja wapezeka.

Loweruka ndinapita pamsika kukaona mipeni, kungoona chabe. Pali bambo wina amayala zitsulo pa tebulo pafupi ndi ogulitsa maloko. Anayamba kundionetsa wonyezimira, wokhala ndi chotsegulira mabotolo, kasizasi ndi kafoloko, amvekere uwu ndiye wa madona. Ndinati bambo, ndikufuna mpeni, osati khitchini. Anatulutsa wina waukulu wa mano kumsana, wonga wa m'mafilimu. Umenewo mukanauona mukanakomoka. Wina unali wotsegula ndi batani, ndipo unatopa ndikadali kuuyesa. Kenaka pansi pa mulu ndinapeza kakang'ono kopinda, kosaoneka bwino, chogwirira chake chathabwa, chitsulo chake chakuda chija chimachita dzimbiri ukachisiya chonyowa. Chitsulo chotero ndi chimene Bambo ankachikonda, ankati chosachita dzimbiri n'chamwano, sichimvera mwala. Kutalika kwake ngati chala changa chapakati, msana wowongoka, popinda posagwedera, ndipo m'thumba la yunifolomu kanalowa osaoneka. N'kotchipa moti wothirira angagule osagona ndi njala.

Ndinakagwira nthawi yaitali, Amayi. Kenaka ndinakabwezera pansi. Achimwene analemba kuti ulipo, usagule, ubwera. Ndinati ndikagula kameneka ndiye kuti mwana wanu ndamutcha wabodza. Komanso, ndinene, ndikufuna tsiku limenelo ndidzagwire pamene Bambo ankagwira. Wogulitsayo anati, “Achemwali, mwakasisita mokwanira, kakuzolowerani.” Ine ndinati ndili nawo wabwino kuposa tebulo lonseli, ukubwera pa basi.

Mizere yathu yagawidwa kale. Amene ndikupikisana naye kwenikweni ndi mkulu wina wothirira mnzanga, timamutcha Chipewa. Manja ake ngolemera, amadula ngati akuwaza nkhuni, koma mpeni wake ngwake, ndipo amaunola nthawi ya nkhomaliro akundiyang'ana. Dzulo anati, “Mayi wamanzere, inu mudzadula ndi mano?”

Amayi, sindikupempha nyumba, sindikupempha wailesi. Muuzeni mwana wanu.

Kamanzere


26 Ogasiti

Alamu anga okondedwa,

Ndine mlamu wanu, mundikhululukire kalembedwe, ndikulemba mwana ali pamwendo ndipo akulimbirana nane cholembera. Landirani moni wambiri. Kuno tonse tili bwino.

Nawu mpeni wanu, ndaukulunga m'thewera lakale koma lochapa. Ndautumiza ndine, chifukwa ndaona kuti nkhaniyi ikhoza kutha chaka. Amayi anavomera kalekale, atangolandira mafuta aja. Amene amazengereza ndi bambo a mwanayu, chifukwa cha manyazi. Paja mpeniwu akhala akuugwiritsa ntchito m'shedi chichokereni maliro, kudulira machubu ndi kupalira mawaya. Ndiye tsiku lina mwezi wa Meyi anadulira waya wa mabuleki, unabenthuka malo awiri. Kalata yanu yoyamba itafika anaubisa m'chitini cha misomali. Ankati apeza wofanana nawo, koma sanaupeze.

Ine ndinati zimenezi n'zosavuta, amuna amangokulitsa zinthu. Lachiwiri kunadutsa wonola mipeni uja wa gudumu lopalasa ndi mwendo, ndinamupatsa pamodzi ndi mipeni yanga ya kukhitchini. Munthu ameneyu ndi katswiri, alamu. Mobenthuka monse wachotsa. Anadabwanso kuti mpeni wabwino chonchi unanoledwa mbali imodzi yokha, amvekere mwini wake anali waulesi kapena anafa asanamalize. Ndinati anamwaliradi. Ndiye wanola mbali zonse ziwiri mofanana, mpaka nsonga yasintha mtundu, ikuoneka yabuluu, yokongola. Wachepako pang'ono koma ukuwala ngati watsopano. Ndayesera pa tomato, umangolowa wokha.

Bambo a mwanayu sakudziwa kuti ndatumiza, ndiwauza basi ikanyamuka. Musawakalipire kwambiri, masiku ano sakudya bwino. Mukapambana mayeso anuwo mutikumbukire, mwanayu tizovala tonse tamuthina.

Mlamu wanu


22 Seputembala

Mwana wanga,

Moni. Mwezi ukutha osamva mawu ako. Dalaivala akuti phukusi anakupatsa m'manja, unalitsegula pomwepo, n'kukhala pansi pasiteshoni mpaka iye ananyamuka. Akuti masiku ano sudzerakonso.

Achimwene ako anakalipira mkazi wake, mkazi wake analira, ine ndinawakalipira onse awiri. Nyumba yazizira. Iye amayamba kukulembera, n'kung'amba. Mlamu wako anachita ndi mtima wabwino. Nanenso za akazi a telala zija ndinangochita mantha monga kholo.

Mayeso anayenda bwanji? Ngakhale mawu ochepa, mwana wanga. Mtengo wa bambo ako wakuseri wachita maluwa ambiri chaka chino, mbali yako ija kuposa inayo.

Amayi ako


10 Okutobala

Amayi, Achimwene, Alamu,

Kalata ndi imodzi, muwerengerane. Moni wanga upite kwa mwana, popeza ndi yekhayo amene sanaike dzanja pa nkhaniyi.

Mwafunsa za mayeso. Phukusi linafika mayeso ali mawa lake. Nditatsegula ndinaona chogwirira cha Bambo, ndi pamene chala chawo chachikulu chinafwifwitsa, koma chitsulocho chinali cha munthu wina. Mbali yosalala imene Bambo anaisamala moyo wanga wonse, gudumu linaidya nthawi yosakwana yowiritsa tiyi. Nthawi yogula wina n'kuukonza inali itatha. Ndinalowa nawo womwewo.

Mpeni wonoledwa mbali ziwiri sudula mowongoka, umasiya kamimba pakati. Ndinkaona ndekha polumikiza kuti m'mphepete mukulowa kuwala. Ndinadulanso, ndinamanga zolimba, ndinamasula, ndinamanganso. Pofika pakati pa mzere mpeniwo unali utabuntha kale, chifukwa katswiri wanuyo anauwotcha. Buluu wokongola uja, alamu, ndi chitsulo chakufa. Akapitawo anaima kumbuyo kwanga, anatenga mpeniwo, anautembenuza uku ndi uku. Anati, “Anakuchita chipongwe chotere ndani?” Ndinati abale.

Tinadikira kuti tione. Mbande za Chipewa zambiri zinaphuka. Zanga zinauma imodziimodzi, ndipo amene ankazithirira zikuuma ndine ndemwe, popeza ndiyo ntchito yanga. Malo apatsidwa Chipewa. Tsopano amakhala pa benchi pamthunzi, ndipo ndikamadutsa ndi ndowa amandivulira chipewa chakecho. Mvula ikayamba othirira tichotsedwa. Adzatiitana ikadzatha, ngati adzatikumbukire.

Alamu, inu sindikukusungirani zambiri. Munawononga, koma simunadziwe, ndipo m'nyumba monsemo ndinu nokha amene munandiuza zoona. Amayi, inu munakhulupirira akazi a telala kuposa mwana amene munabereka. Za pensulo zija ndinali kamwana, koma mwazisunga bwino kuposa mmene munasungira mpeni. Ndiye muzidziwa kumene ndinatengera mtima umenewu.

Achimwene, kubenthula mpeni si mlandu, zitsulo zimabenthuka. Ine ndinakupemphani mawu amodzi. Munasankha akuti ulipo, mukudziwa chimene chili m'chitini cha misomali, n'kuwonjezeranso kuti ndisagule wina. Mukanati palibe, ndikanakutukwanani sabata yonse, koma bwenzi lero ndili pa benchi. Inu munaopa kuchita manyazi, ine ndaluza ntchito. Za mabuleki anu sindinafunse.

Ndinabwerera kwa bambo wa zitsulo uja. Kampeni kaja kanali pomwepo pansi pa mulu, palibe anakafuna. Anati, “Wa pa basi uja sunafike?” Ndinati unafika. Nditakalipira anakakulunga m'pepala, n'kundiikira kamwala konolera momwemo. Madzulo ndikaweruka ndimakhala pakhomo la chipinda changa ndi kamwalako ndi madzi m'chivindikiro cha botolo, kunola kampeniko mbali imodzi, inayo kuisalaza. Anthu a zipinda zoyandikana ayamba kundipatsa moni mwaulemu kwambiri. Dzulo kampeniko kanameta ubweya wa pamkono. Ndayesera pa nthambi zotayidwa kuseri kwa nazale, podulapo pali see, kuwala sikulowa. Kamakhala m'thumba langa tsiku lililonse, ndipo mukawauze akazi a telala kuti tsopano ndi zoona.

Mpeni wa Bambo ndaubweza m'thewera lomwelo. Alamu akuti umadula bwino tomato.

Amayi, mwati mtengo wakuseri wachita maluwa mbali yanga. Pasapezeke wodulako kanthu. Nyengo ikadzakwana ndidzabwera kudzatenga nthambi zingapo, ndipo ndidzadula ndekha, ndi mpeni wanga. Ndidzafika m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Musandiyalire pogona.

Kamanzere